Giza, hotipuleti ndi heat pump: kodi thiransifoma ya pa Makwasa ipirira?

Chiperoni chikagwa pa Makwasa m'miyezi ya June ndi July, aliyense amafuna moto. Kale motowo unali wa nkhuni ndi makala basi. Lero m'nyumba zomwe zili ndi magetsi a ESCOM, kuyambira pamsika mpaka kwa ogwira ntchito ku Malamulo ndi m'maesiteti a tiyi, mukulowa ketulo yamagetsi, hotipuleti, hita ndi giza. Kunjaku kukutchukanso makina otchedwa heat pump, omwe ku Ulaya asowetsa tulo akuluakulu oyang'anira nthambo za magetsi. Mafunso otsatirawa ndi omwe amabwera anthu akamakambirana za katundu ameneyu komanso za thiransifoma yomwe ili pamapolo apo.

Kodi heat pump n'chiyani?

Ngati muli ndi firiji, heat pump muli nayo kale. Gwirani kumbuyo kwa firiji yomwe ikulira, mumva kutentha. Kutenthako kwachotsedwa m'kati, mu nyama ndi m'mabotolo, n'kutayidwa kunja. M'timapaipi take mumayenda gasi amene amayamwa kutentha mbali imodzi, kenako kompuresa imamupanikiza, ndipo iye amakatula kutenthako mbali inayo. Heat pump ya m'nyumba ndi makina omwewo koma oyang'ana kwina: imayamwa kutentha mu mpweya wapanja n'kukuthira m'chipinda kapena m'thanki ya madzi osamba. Ma air conditioner omwe amatha kuziziritsa mu October n'kutenthetsa mu June nawonso ali m'gulu lomweli.

Akuti imapereka kutentha kochuluka kuposa magetsi omwe yadya. Si bodza la amalonda limenelo?

Ayi, n'zoona, ndipo palibe matsenga. Hita wamba kapena giza imasandutsa magetsi kukhala kutentha: mwaipatsa yunitsi imodzi, ikubwezerani kutentha kwa yunitsi imodzi. Heat pump simapanga kutentha, imangokusamutsa, ndipo magetsi amapita kokha ku kompuresa ndi fani. N'chifukwa chake pa yunitsi imodzi imapereka kutentha kwa mayunitsi atatu, nthawi zina anayi. Tiwerengere. Kutenthetsa malita 150 a madzi kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumafuna mayunitsi pafupifupi 7 pa giza wamba. Heat pump igwira ntchito yomweyo ndi mayunitsi awiri kapena atatu. Kukazizira kwambiri mphamvu zake zimatsikako, koma musaganize kuti chiperoni chingaigonjetse. Mpweya wa madigiri 10 uli ndi kutentha kokwanira kuyamwa, ndipo dziko lomwe lidatengeka kwambiri ndi makinawa ndi Norway, kumene madzi amaundana panja koma nyumba pafupifupi 6 mwa 10 zilizonse zili ndi heat pump.

Kuno sititenthetsa nyumba ngati ku Ulaya. Ndiye nkhaniyi ikutikhudza pati?

Ku Ulaya nyumba zambiri zimatenthetsedwa ndi gasi kapena mafuta. Maboma akufuna anthu asiye zimenezo; Britain mu 2020 idadziikira mlingo woti pofika 2028 izikhala ikuika ma heat pump 600,000 pachaka. Nkhawa ya oyendetsa magetsi kumeneko ndi yakuti ntchito yomwe inkagwiridwa ndi gasi ikusamukira pa nthambo zomwe adaziyala poganizira mababu, firiji ndi TV.

Chotsani gasiyo, muikepo nkhuni ndi makala, ndiye mwafika pa Makwasa. Kalembera wa anthu wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 mwa 100 zilizonse m'Malawi ndi zomwe zinkawunikira ndi magetsi, ndipo zophikira magetsi zinali pafupifupi ziwiri zokha mwa 100. Kuyambira pamenepo MAREP yafikitsa mapolo m'misika yambiri yakumudzi, ndipo ntchito ya MEAP, yomwe World Bank idavomereza mu 2019, yalumikiza nyumba zina zambirimbiri. Nyumba ikangolandira magetsi imayamba ndi mababu ndi kutchaja foni. Pakapita zaka zingapo mwana wa ku Joni amatumiza ketulo, mayi amagula hotipuleti, bambo akakwezedwa pantchito amaika giza. Thiransifoma ndi yomwe ija.

Mayunitsi ndimagula ndekha. Zomwe ndayatsa m'nyumba mwanga zikuwakhudza bwanji aneba?

Mita ndi yanu, koma njira yomwe magetsi adzera ndi ya tonse. Ambiri mwa magetsi athu amapangidwa ndi EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Amayenda pa nthambo zikuluzikulu za ma volt 132,000 ndi 66,000, n'kutsitsidwa kufika pa 33,000 kapena 11,000, ndipo ndi amenewa omwe amadutsa m'minda ya tiyi. Thiransifoma ya m'dera lanu imawatsitsanso kufika pa 230, omwe amalowa m'nyumba. Thiransifoma iliyonse ili ndi malire ake, olembedwa pa kachitsulo kapambali: 50 kVA, 100 kVA, 200 kVA, choncho.

Akatswiri posankha kukula kwake sawerengera kuti nyumba zonse ziyatsa chilichonse nthawi imodzi. Akadatero mathiransifoma akadakhala aakulu mopanda nzeru ndipo mtengo wolumikizira sukadatheka. Iwo amadalira kuti wina akamasita, wina ali kumunda. Mwachitsanzo, tiyerekeze thiransifoma ya 100 kVA yodyetsa nyumba 80. Nyumba iliyonse ikayatsa mababu, TV ndi firiji, mwina ma watt 300, zonse pamodzi ndi ma kilowatt 24. Thiransifoma siikudziwa n'komwe kuti ikugwira ntchito. Tsopano nyumba 40 mwa zimenezo ziteleke nsima ndi ndiwo pa hotipuleti ya ma watt 2,000 nthawi ya 6 koloko madzulo. Awo ndi ma kilowatt 80 owonjezera, ndipo malire apyoledwa kale, giza isanayake ngakhale imodzi.

Anthu ambiri amalimbana ndi ana kuti azimitse mababu, koma babu la LED limadya ma watt 9. Ketulo imodzi ya ma watt 2,000 ikufanana ndi mababu otere oposa 200. Chodya magetsi m'nyumba ndi chilichonse chotenthetsa. Ndipo mita imangowerenga kuchuluka kwa zomwe mwagwiritsa pamwezi, pamene thiransifoma imavutika ndi ola lomwe nonse mwakumanapo.

N'chifukwa chiyani madzulo mababu amachita chizimezime, firiji n'kumangolira osazizira, chonsecho magetsi sadathime?

Mudaonapo mpope wa madzi m'mawa, aliyense akatsegula: oyandikira thanki amatunga bwinobwino, wakumapeto kwa paipi madzi amangodontha. Nthambo nazo zimatero. Zikanyamula katundu wambiri, mphamvu ina imathera m'njira, ndipo nyumba yomwe ili kutali ndi thiransifoma imalandira ma volt 200 kapena kutsikirapo m'malo mwa 230. Nthambo ikakhala yopyapyala, yayitali kapena yolumikizalumikiza, vutoli limakula.

Palinso china. Mathiransifoma ambiri amatulutsa nthambo zamoto zitatu, ndipo nyumba wamba imalumikizidwa ku imodzi mwa izo. Nyumba zikamalumikizidwa mwachisawawa, nthambo imodzi imatha kusenza mahotipuleti ambiri pamene ziwirizo zili pheee. N'zimene zimachititsa kuti kwanu magetsi afooke koma tsidya la msewu kukuwala bwino.

Ketulo magetsi akafooka imangochedwa kuwiritsa. Zokhala ndi injini ya magetsi, monga firiji, chigayo, pampu ya madzi ndi heat pump yomwe, zimavutika kwambiri: injiniyo imakanika kudzuka, imakoka magetsi ochuluka, imatentha, mapeto ake imapsa. Choncho heat pump, ngakhale imasunga mayunitsi, ndi makina osapirira nthambo zofooka. Zamakono zolembedwa kuti inverter zimadzuka pang'onopang'ono ndipo sizigwedeza magetsi a aneba ngati zakale.

Nanga thiransifoma imapsa chifukwa chiyani?

Ikapsa, pamsika pamamveka zifukwa zambiri, koma chachikulu ndi kutentha. M'kati mwake muli mawaya okulungidwa m'mapepala apadera, omizidwa m'mafuta. Mafutawo amaziziritsa komanso amaletsa moto kudumpha. Katundu akawirikiza kawiri, kutentha kwa m'mawayamo kumawirikiza kanayi. Mapepala aja amawauka pang'onopang'ono, ndipo akatswiri amawerengera kuti madigiri 6 alionse opyola muyeso amafupikitsa moyo wawo ndi theka. Ndiye thiransifoma yomwe yaphulika usiku wina wa chiperoni sidafe tsiku limenelo. Idayamba kudwala miyezi yapitayo, madzulo alionse.

Mphenzi za m'dzinja zimaphanso mathiransifoma. Akuba mafuta ndi mkuwa nawo asowetsa anthu mtendere, mpaka mu 2024 Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa chilango cha owononga katundu wa magetsi. Palinso omwe amaba magetsi polambalala mita kapena kukokera waya kwa mnzawo; ameneyo sazimitsa hita chifukwa salipira, ndipo katundu wake sapezeka m'mabuku a wina aliyense.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe ife ozolowera kuthima kwa magetsi tiyenera kuchimvetsa bwino. Magetsi akathima maola asanu kapena asanu ndi limodzi, magiza onse amazizira, mafiriji onse amasungunuka, ndipo amayi onse akudikira kuti aphike. Akangobwera, zonsezo zimadzuka pamodzi. Kusiyana kwa nthawi komwe akatswiri aja adadalira kwatha. N'chifukwa chake nthawi zina ana amakuwa kuti "abwera!", mphindi khumi zisanathe fyuzi ya pa thiransifoma yaduka, ndipo dera lanu lokha ndi lomwe latsala mumdima. Kuzimitsa giza ndi kuka magetsi akathima, n'kuyatsanso patapita kanthawi atabwera, n'kothandiza kuposa momwe ambiri amaganizira.

Ndiye heat pump imapeputsa katundu kapena imawonjezera?

Yankho lagona pa chomwe yalowa m'malo mwake. Giza wamba ya malita 150 imakhala ndi chitsulo chotenthetsera cha ma watt 2,000 kapena 3,000. Heat pump ya thanki yofanana imakoka pafupifupi ma watt 1,000, mwina osafika. Nyumba, chipatala kapena malo ogona alendo akachotsa magiza n'kuika heat pump, thiransifoma imapuma. Chimodzimodzi kwa yemwe ankawotha hita ya ma watt 2,000.

Koma nyumba yomwe inkatenthetsa madzi osamba pa mafuwa ikaika heat pump, amenewo ndi ma watt 1,000 atsopano omwe kale kudalibe. Zilibe kanthu kuti makinawo ndi osunga magetsi motani. Kwa thiransifoma ndi katundu wowonjezera. Izi ndi zomwe zikuchitika ku Ulaya, ndipo ndi zomwe zingachitike kuno chifukwa nyumba zambiri za ku Thyolo sizidakhalepo ndi giza.

Heat pump ilinso ndi khalidwe lake. Ketulo imalira mphindi zochepa n'kuzima, kotero kuti maketulo a m'mudzi sakumanizana onse. Heat pump imatenthetsa pang'onopang'ono kwa maola, ndipo kukazizira zonse zimalira limodzi, popeza chiperoni sichisankha nyumba. Zambiri zimakhalanso ndi chitsulo chotenthetsera chapadera chomwe chimadziyatsa madzi akachedwa kutentha. Chikayaka, heat pump yanu yasanduka giza wamba pa ola lomwe nthambo zalemedwa kale. Ogulitsa sakonda kutchula zimenezi, ndiye muziwafunsa.

Ubwino wake ndi wakuti madzi otentha amasungika. Nsima singaphikidwe masana kuti idyedwe yotentha usiku, koma thanki yokutidwa bwino imasunga kutentha mpaka m'mawa. Heat pump yoikiridwa wotchi kuti izigwira ntchito kuyambira cha m'ma 10 m'mawa mpaka 3 masana imapewa nthawi yophika, imapeza mpweya wofunda womwe imaukonda, komanso imagwiritsa ntchito magetsi pamene malo opangira magetsi a dzuwa akutulutsa kwambiri.

Kodi si mafakitale a tiyi omwe amatimalizira magetsi?

Mafakitale amadya magetsi ambiri, palibe wotsutsa, koma sadyera mbale imodzi ndi nyumba za pamsika. Fakitale ngati ya esiteti ya Makwasa, yomwe ili pansi pa Eastern Produce, kapena za Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba, imakhala ndi mathiransifoma akeake. Makasitomala aakulu otere amalipira mayunitsi komanso katundu wamkulu kwambiri yemwe adakoka nthawi imodzi m'mweziwo, kotero kuti iwo eni amasamala kuti asadzutse makina onse pamodzi. Komanso moto woumitsira tiyi si wamagetsi: umachokera ku nkhuni za bulugama zomwe maesiteti amadzala okha. Magetsi amayendetsa mafani ofotetsera masamba ndi makina odula ndi kupota tiyi. Ntchitoyi imafika pachimake m'dzinja, kuyambira December mpaka cha mu April, pamene nyumba zimafuna kutentha kwambiri mu June ndi July.

Pomwe fakitale ndi mudzi zingakumane ndi pa nthambo yayikulu yomwe imadyetsa mathiransifoma onse a m'deralo. Koma ngati magetsi akufooka mzere wanu wokha nthawi yophika, musaloze chala ku fakitale. Yang'anani thiransifoma yanu ndi chiwerengero cha nyumba zomwe zawonjezekapo.

Dziko likakhala ndi magetsi okwanira, mavutowa sadzatha okha?

Sadzatha, chifukwa matenda ndi awiri. Oyamba ndi kuchepa kwa magetsi opangidwa. Tonse tikukumbukira January 2022, pamene namondwe Ana adagumula damu la Kapichira n'kuchotsa ma megawatt pafupifupi 130, ndipo dziko lidakhala mumdima wosinthanasinthana mpaka malowo atakonzedwa mu 2023. Mankhwala a matenda amenewa ndi monga Tedzani IV ya ma megawatt 19, magetsi a dzuwa a ku Salima a ma megawatt 60 ndi a ku Golomoti a 20, magetsi a madzi a pa Ruo ndi Ndiza ku Mulanje, nthambo yochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kufika pa Phombeya ku Balaka, ndi damu la Mpatamanga lomwe likukonzedwa pa Shire.

Matenda achiwiri ndi a kumapeto kwa nthambo. Ngakhale Mpatamanga itatha mawa, thiransifoma ya 100 kVA ikhalabe ya 100 kVA. Abale athu a ku Joni amadziwa kusiyana kwake. Kampani ya magetsi ya kumeneko, Eskom, ili ndi load shedding, pamene magetsi achepa m'dziko lonse, komanso load reduction, pamene imathimitsa dala madera ngati Soweto m'mawa ndi madzulo, makamaka nyengo yozizira, kuti mathiransifoma olemedwa asapse. Yachiwiriyi imachitika ngakhale tsiku lomwe dziko lili ndi magetsi okwanira. Ku Netherlands, dziko lolemera, makampani m'madera ambiri akudikira pamzere kuti alumikizidwe, osati chifukwa chosowa magetsi koma chifukwa nthambo zadzaza.

Mayiko omwe adayamba kale akuthana nazo bwanji?

Njira yodziwikiratu ndi kuika mathiransifoma aakulu kapena ambiri, kukulitsa nthambo ndi kugawa nyumba mofanana pa nthambo zitatu zija. Imeneyi ndi yodula ndipo ndalama zake zimabwerera pa mtengo wa yunitsi. Njira ina ndi kusuntha nthawi. Makhonsolo angapo a ku South Africa akhala kwa zaka zambiri ndi kachipangizo kozimitsira magiza ali kutali nthawi yomwe katundu wachuluka. Mwininyumba sazindikira chifukwa madzi a m'thanki akadali otentha. Ku Germany, kuyambira January 2024, woyendetsa nthambo amaloledwa kutsitsa mphamvu ya heat pump yatsopano kufika pa ma kilowatt 4.2 zinthu zikathina, osati kuizimitsa, ndipo mwini wake amachotseredwa pa bilu.

Kwathu kuno mtengo wosiyana malinga ndi ola ulipo kwa makasitomala aakulu, koma nyumba wamba imalipira chimodzimodzi kaya yatenthetsa madzi 12 koloko masana kapena 6 koloko madzulo. Ine ndikuona kuti apa MERA, yomwe imavomereza mitengo ya magetsi, ili ndi ntchito. Simungapemphe munthu kuti asunthe nthawi ya giza chifukwa chokonda dziko basi. Thumba lake liyenera kumva kusiyana. ESCOM nayo iyenera kumayeza katundu wa mathiransifoma a m'misika ngati wa Makwasa mu June ndi July, osadikira utsi.

Ndiye tibwerere ku makala kuti thiransifoma ipulumuke?

Ayi. Aliyense woyang'ana phiri la Thyolo lero akudziwa komwe njira ya nkhuni ndi makala yatifikitsa, ndipo utsi wa m'khitchini ukudwalitsa amayi ndi ana. Kuphikira magetsi n'koyenera, bola tisankhe zida mwanzeru. Poto wamagetsi wotsekeka, wotchedwa pressure cooker, amakoka pafupifupi ma watt 1,000, amadzizimitsa akafika potentha, ndipo nyemba zimapsa yunitsi imodzi isanathe. Hotipuleti pa nyemba zomwezo imalira maola.

Nanga ine ndigule heat pump kapena ayi?

Kwa nyumba yosamba ndi ndowa imodzi kapena ziwiri patsiku, sindikuona chifukwa. Makinawa ndi odula kangapo kuposa giza, amafuna mmisiri wodziwa za mafiriji akawonongeka, ndipo giza ya dzuwa imagwira ntchito yomweyo miyezi yambiri ya chaka popanda yunitsi, kupatula masiku a mitambo. Pomwe heat pump imabweza ndalama msanga ndi pamalo pogwiritsa ntchito madzi otentha ambiri tsiku lililonse: zipatala, malo ogona ophunzira, malo ogona alendo ndi nyumba zazikulu zomwe zili kale ndi magiza.

Mukaganiza zogula, kaya heat pump, giza kapena kuka, itanani kaye wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA adzaone mawaya a m'nyumba ndi kuyeza mphamvu ya magetsi nthawi ya madzulo, osati masana. Nyumba zomwe zidalumikizidwa ndi kabokosi ka masoketi ochepa sizidakonzedwere katundu wotere. Ngati mumakhala m'nyumba ya esiteti kapena ya mishoni, funsani kaye oyang'anira. Dziwitsaninso a ESCOM za katundu wamkulu yemwe mukuwonjezera, chifukwa sangakulitse thiransifoma ya katundu yemwe sakumudziwa. Ndipo ngati m'dera lanu mababu ayamba kufooka madzulo alionse, kapena fyuzi ikuduka kawirikawiri, musadikire kuti ipse. Lembani masiku ndi maola, sonkhanitsani mayina a nyumba zokhudzidwa kudzera kwa amfumu kapena komiti ya msika, ndipo mukapereke dandaulo lanu ku ofesi ya ESCOM mwezi wa May usanathe.